Mmene mungayezere tsogolo la chiphona cha basiketibolo ya ku koleji chisanasankhidwe ku NBA

Chaka chilichonse m'mwezi wa June, matimu 30 a NBA, ligi yaikulu ya basiketibolo ya ku America, amasankha osewera atsopano pa mwambo umene umatchedwa draft, ndipo ambiri mwa osankhidwawo amachokera m'makoleji a ku America amene amapikisana pansi pa bungwe la NCAA. Kusankhaku kumachitika maulendo awiri, ulendo uliwonse osewera 30, ngakhale kuti zaka zina chiwerengerocho chimatsikako, monga mu 2024 pamene anasankhidwa 58. Mwa anyamata onse amene amayembekezera kumva dzina lawo usiku umenewo, wovuta kwambiri kumuyeza ndi chiphona, wosewera wamtali amene amaima pafupi ndi ring'i pa malo otchedwa center. Ku koleji kutalika kwake kokhako kumamupatsa mapointi ambiri, koma akafika ku NBA amakapeza anzake aatali ngati iye, ndiponso afupiafupi othamanga kwambiri amene amamukokera kutali ndi ring'i kuti akamugonjetse ndi liwiro.

M'malangizo ano tigwiritsa ntchito kwambiri chitsanzo cha Zach Edey, mnyamata wa ku Toronto m'dziko la Canada, amene anasewera ku Purdue kuyambira 2020 mpaka 2024 pansi pa mphunzitsi Matt Painter. Iye anapatsidwa mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji zaka ziwiri zotsatizana, 2023 ndi 2024, komabe akadaulo anakangana kwa nthawi yaitali ngati angathe kusewera bwino ku NBA. Mkangano umenewo ndi wothandiza kwa wophunzira, chifukwa umaonetsa funso limene liyenera kutsogolera ntchito yonse: kodi ntchito imene mnyamatayu adzapatsidwe ku NBA, imene kawirikawiri imakhala yaing'ono ndiponso yosiyana ndi imene anali nayo ku koleji, angaigwire?

Gawo loyamba: dziwani kusiyana kwa malamulo

Musanaonere ngakhale masewero amodzi, lembani papepala kusiyana kwa malamulo a mbali ziwirizi, chifukwa chiphona ndiye wosewera amene kusiyanaku kumamukhudza kwambiri. Ku koleji masewero amatenga mphindi 40, pamene ku NBA amatenga mphindi 48. Timu ya ku koleji ili ndi masekondi 30 kuti iponye mpira ku ring'i, ndipo ya ku NBA ili ndi 24 okha, choncho nthawi yodikira kuti chiphona chifike pansi pa ring'i, chikhazikike ndi kupempha mpira imachepa. Mzere woponyera mapointi atatu uli pa mamita 6.75 ku koleji ndipo uli pa mamita 7.24 ku NBA, kupatula m'makona. Bokosi lopakidwa penti la pansi pa ring'i ndi lotakata mamita 3.66 ku koleji ndi mamita 4.88 ku NBA.

Lamulo lofunika kuposa onsewa ndi la masekondi atatu kwa wotchinga. Ku NBA wosewera amene akutchinga saloledwa kuima m'bokosimo kupitirira masekondi atatu ngati sakulonda munthu aliyense pafupi, pamene ku koleji lamulo limeneli kulibe. Izi zikutanthauza kuti chiphona cha ku koleji chikhoza kungoima pansi pa ring'i ngati mtengo, n'kumadikira adani kuti abwere okha, ndipo chiwerengero chake cha mipira yotchinga chimakwera. Mukamaonera, muzidzifunsa nthawi zonse ngati zimene wachitazo zikadathekanso akadakakamizidwa kutuluka m'bokosi ndi kubwereramo.

Gawo lachiwiri: pezani miyeso yeniyeni ya thupi

Kutalika kumene koleji imalemba pa mndandanda wa osewera ake musakukhulupirire msanga, popeza nthawi zambiri amayeza munthu atavala nsapato, ndipo ena amawonjezerapo. Dikirani miyeso ya ku combine, msonkhano umene NBA imachititsa ku Chicago m'mwezi wa May, kumene anyamata amayezedwa opanda nsapato. Pa miyeso yonse, itatu ndiyo muyenera kuilemba: kutalika kwa munthu, kutalika kwa mikono ataitambasula kuchokera ku chala china mpaka china, ndi pamene dzanja lake limafika ataimirira osadumpha. Womalizawu ndi umene ine ndimauwerengera kwambiri, chifukwa munthu satchinga mpira ndi mutu. Wosewera wa khosi lalitali ndi mikono yaifupi amaoneka wamtali pa chithunzi koma pansi pa ring'i amasewera ngati wamfupi.

Edey ndi wamtali pafupifupi mamita 2.24, mikono yake imatambasuka pafupifupi mamita 2.41, ndipo ataimirira dzanja lake limafika pafupifupi mamita 2.92, pamene ring'i ili pa mamita 3.05. Kulemera kwake ku combine ya 2024 kunali pafupifupi makilogalamu 136. Miyeso yotere imakuuzani kuti nkhani ya kufikira ring'i yatha, palibenso chokambirana. Koma imakuuzaninso kuti funso lanu lalikulu lidzakhala la miyendo ndi mafupa amene akunyamula thupi limenelo. Ku combine komweko amayeza liwiro la kuthamanga ndi kutembenuka mozungulira bokosi, ndipo zotsatira zake muzione, koma musazipatse mphamvu zambiri, popeza mnyamata akhoza kuphunzira mayesowo kwa milungu ingapo, pamene pa masewero enieni sadziwa kumene mdani alowere.

Gawo lachitatu: ziwerengero ziikeni pa sikelo imodzi

Mapointi a pa masewero amodzi amanamiza ngati simudziwa mphindi zimene munthu anasewera. Tengani mapointi, muwagawe ndi mphindi, kenako muchulukitse ndi 40, ndipo muchite chimodzimodzi ndi ma rebound, amene ndi mipira yotolera ikabwerera pa ring'i, komanso ma block, amene ndi mipira ya adani yotchingidwa ikuponyedwa ku ring'i, ndi mafaulo. M'chaka chake chachiwiri Edey ankachinya mapointi 14.4 pa mphindi pafupifupi 19, chifukwa ankagawana malo ndi Trevion Williams. Mukawerengera pa mphindi 40 mupeza mapointi pafupifupi 30. M'chaka chake chomaliza ankachinya 25.2 pa mphindi pafupifupi 32, zimene zimapereka pafupifupi 31.5 pa mphindi 40. Apa mukuona kuti luso lochinya analinalo kale, ndipo chimene chinasintha kwambiri ndi mpweya wake ndi kupirira kwake, zimene zinamulola kukhala m'bwalo nthawi yaitali popanda kutopa kapena kudzaza mafaulo. Kumeneko ndi kupita patsogolo kwenikweni, ndipo kuyenera kulembedwa.

Kenako yang'anani zaka zake. Lamulo la NBA limafuna kuti wosankhidwa akwanitse zaka 19 m'chaka cha draft, ndipo wochokera ku America akhale atatha chaka chimodzi chitsirizire sukulu ya sekondale. N'chifukwa chake anyamata aluso kwambiri amangokhala chaka chimodzi ku koleji. Munthu wa zaka 22 amene akupondereza ana a zaka 18 ndi 19 ali ndi mwayi wa thupi lokhwima, ndipo matimu amadziwa zimenezi. Luka Garza wa ku Iowa anali wosewera wopambana onse m'makoleji mu 2021, koma anasankhidwa pa nambala 52. Oscar Tshiebwe, wochokera ku Lubumbashi m'dziko la Democratic Republic of Congo, anapata ulemu womwewo mu 2022 ali ku Kentucky, akutolera ma rebound 15.1 pa masewero amodzi, koma mu 2023 palibe timu imene inamusankha pa draft. Chaka chomwecho Dereck Lively II wa ku Duke, amene ankachinya mapointi 5.2 okha, anasankhidwa pa nambala 12, ndipo patangotha chaka chimodzi anali akusewera m'ndime yomaliza ya ligi ndi timu ya Dallas Mavericks. Lively anali wa zaka 19, wothamanga, wodumpha ndiponso wodziwa kutchinga, ndipo zimenezi ndi zomwe timu inkagula.

Komabe zaka zobadwa si zokhazo zoyenera kuwerenga. Funsaninso kuti munthuyo wasewera basiketibolo zaka zingati. Edey anakula akusewera hockey ndi baseball, ndipo basiketibolo anaiyamba ali kale ku sekondale, choncho ngakhale anali ndi zaka 22 pa tsiku la draft, panali chifukwa chomveka choyembekezera kuti sanafike pamapeto pa kuphunzira kwake.

Gawo lachinayi: onerani miyendo yake pamene akutchinga

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu, ndipo musachite changu. Siyani timavidiyo tatifupi toonetsa ma dunk (kudumpha n'kulowetsa mpira m'ring'i ndi manja kuchokera pamwamba), pezani masewero athunthu osachepera asanu, ndipo musankhe mwadala: awiri olimbana ndi timu yokhala ndi chiphona chinzake chabwino, awiri olimbana ndi timu ya osewera afupi othamanga ndi oponyera patali, ndi amodzi amene timu yake inagonja. Poonera, maso anu asatsatire mpira. Atsatire mapazi ndi chiuno cha wosewera wanuyo.

Chimene mukufunafuna ndi kaseweredwe kotchedwa pick and roll, kamene ndiko chakudya cha tsiku ndi tsiku cha NBA. Wosewera wamtali wa timu youkira amaima ngati khoma kutsekereza amene akulonda mwini mpira, ndipo zikatero chiphona cha timu yotchinga chimayenera kusankha chochita m'kamphindi kochepa. Njira yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo cha ku ring'i, imene amati drop, ndipo ndiyo imene osewera olemera amagwiritsa ntchito. Vuto lake n'lakuti imasiyira mwini mpira malo oti aponye momasuka, ndipo ku NBA kuli anthu amene malo oterowo sawaphonya. Njira ina ndi yokwera kukakumana ndi mwini mpira pafupi ndi mzere wa mapointi atatu n'kubwerera msanga, ndipo yovuta koposa ndi yosinthana anthu, imene amati switch, pamene chiphona chimatsala chokha ndi wosewera wamfupi wothamanga.

Pa pepala lanu ikani chizindikiro nthawi iliyonse pamene zimenezi zachitika, ndipo mulembe njira imene anagwiritsa ntchito ndi zimene zinatsatira. Onani ngati amapinda mawondo kapena amaima chilili. Onani ngati akamabwerera m'mbuyo amatha kuyang'anira anthu awiri nthawi imodzi, mwini mpira ndi mnzake amene akuthamangira ku ring'i. Onani ngati mdani akamunamiza kuti akuponya amadumpha msanga, kapena amadikira ali pansi mikono ili m'mwamba. Ndipo mpira ukatayika timu n'kuyamba kuthamangira kwawo, werengani kuti iye amafika wachingati, makamaka m'mphindi zisanu zomaliza za gawo lachiwiri pamene thupi latopa.

Kwa Edey, masewero awiri amaphunzitsa zambiri. Mu March 2023 Purdue, imene inali pa nambala 1 m'chigawo chake cha mpikisano wa NCAA, inagonja 63 kwa 58 ndi Fairleigh Dickinson, timu ya pa nambala 16 imene inali ndi osewera afupi kwambiri. Edey anachinya mapointi 21 ndi kutolera ma rebound 15, koma adaniwo anamwazikana m'bwalo lonse n'kumamukakamiza kulonda anthu kutali ndi ring'i, ndipo poukira anamuzinga kotero kuti m'mphindi zomaliza mpira sunkamufika. Mu April 2024, pa masewero omaliza a mpikisanowo, anakumana ndi Donovan Clingan wa ku UConn (yunivesite ya Connecticut), chiphona cha mamita pafupifupi 2.18, ndipo anachinya mapointi 37, koma Purdue inagonja 75 kwa 60. Masewero oyambawo amakuonetsani chofooka chake, ndipo achiwiriwo amatsimikiza kuti mapointi ake sankachokera pa kupondereza anthu aafupi kokha. Dziwaninso kuti pa draft ya chaka chimenecho Clingan, amene ankachinya pang'ono koma ankadziwika ndi kutchinga, anasankhidwa pa nambala 7 ndi Portland Trail Blazers, Edey asanatchulidwe.

Muchenjerenso ndi chiwerengero cha ma block. Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, wamtali mamita 2.21, ankatchinga mipira yochuluka ku UConn ndipo Memphis Grizzlies inamusankha pa nambala 2 mu 2009, koma ku NBA sanakhazikike, chifukwa liwiro la masewero linamuposa ndipo poukira analibe chida chodalirika. Block imakusonyezani kuti munthu ndi wamtali ndipo amadziwa nthawi yodumpha, koma sikuuzani ngati amawerenga masewero mpira usanafike kwa iye.

Gawo lachisanu: chotsani mipira imene sadzapatsidwa

Ku Purdue pafupifupi kuukira kulikonse kunkadutsa mwa Edey: ankafulatira ring'i, kukankha mdani ndi msana, kulandira mpira n'kutembenuka kuponya ndi dzanja limodzi. Matimu a NBA amachita zimenezi mwa apo ndi apo, ndipo mnyamata watsopano sangayembekezere kupatsidwa mipira yotere kambirimbiri. Choncho pa masewero amene mukuonerawo, patulani padera mapointi onse ochokera pa kufulatira ring'i, kenako muone chimene chatsala. Kodi khoma limene amaimikira anzake ndi lolimba? Akaliimika, amathamangira ku ring'i mwachangu? Mpira wobwera mwamphamvu kapena wotsika m'mawondo amaugwira, kapena umamupulumuka m'manja? Adani awiri akamuzinga, amaona mnzake amene wasiyidwa yekha n'kumupatsira nthawi yomweyo? Jahlil Okafor wa ku Duke, amene anasankhidwa pa nambala 3 mu 2015, anali katswiri pa kuchinya atafulatira ring'i, koma ligi inali itayamba kale kusiya kaseweredwe kameneko, ndipo zina zimene zikadamusunga m'bwalo zinali zochepa.

Pa nkhani ya kuponyera patali, yang'anani ma free throw, mipira imene munthu amaponya ali yekha pa mzere atachitiridwa faulo. Makoleji ambiri salola chiphona kuponya mapointi atatu, choncho chiwerengero chake kumeneko chimakhala chochepa kwambiri moti simungamangepo maganizo, pamene ma free throw amakhala mazana. Karl-Anthony Towns anangolowetsa mipira iwiri ya mapointi atatu m'chaka chake ku Kentucky, koma pa mzere ankalowetsa pafupifupi 81 pa 100 iliyonse, ndipo ku NBA anadzakhala mmodzi wa ziphona zoponya bwino kwambiri. Edey ankalowetsa pang'ono kupitirira 70 pa 100 iliyonse, chiwerengero chimene chimasonyeza kuti dzanja lake ndi lofewa ndipo adani sangapindule pomuchitira mafaulo mwadala, ngakhale sichikulonjeza kuti adzakhala woponyera patali.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: fufuzani mbiri ya kuvulala

Zikalata za madokotala zimene matimu amaona inu simungazione, koma mukhoza kuwerenga masewero amene mnyamata anaphonya ndi chifukwa chake. Mwa osewera aatali ndi olemera, malo oopsa ndi phazi, bondo, msana ndi akakolo, makamaka ngati vuto lake ndi fupa long'aluka pang'onopang'ono chifukwa cha kulemedwa. Sam Bowie anaphonya zaka ziwiri zathunthu ku Kentucky chifukwa cha fupa la mwendo, komabe Portland inamusankha pa nambala 2 mu 1984, Michael Jordan asanatengedwe, ndipo miyendo inapitiriza kumuvutitsa. Greg Oden wa ku Ohio State, woyamba kusankhidwa mu 2007 patsogolo pa Kevin Durant, anangosewera masewero 105 m'moyo wake wonse wa ku NBA chifukwa cha mawondo. Koma pali mbali inanso: Joel Embiid wa ku Cameroon anachoka ku Kansas mu 2014 ali ndi vuto la msana ndi la phazi, anaphonya zaka ziwiri zoyambirira, koma mu 2023 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi. Kuvulala kuzitsitsa malo amene mukumuika, ndipo kutsitsako kukule molingana ndi kuchepa kwa luso lake. Kumbukiraninso kuti koleji imasewera masewero pafupifupi 40 kapena kucheperapo pa chaka, pamene NBA imasewera 82 mpikisano wa kumapeto usanayambe, motero thupi limene linapirira ku koleji silinayesedwe mokwanira. Edey anasewera pafupifupi masewero onse ku Purdue, koma atatha chaka chake choyamba ku NBA anachitidwa opaleshoni ya kakolo.

Gawo lomaliza: lembani chigamulo chanu

Tsopano sonkhanitsani zonse pa tsamba limodzi. Yambani ndi chiganizo chimodzi chonena ntchito imene mnyamatayu angagwire m'chaka chake choyamba, mwachitsanzo kutolera ma rebound, kuimika khoma ndi kutchinga ring'i kwa mphindi 20. Ngati simungathe kulemba chiganizo chimenechi, ndiye kuti mwapeza wosewera wabwino wa ku koleji amene alibe malo odziwika ku NBA. Kenako lembani zinthu zitatu: chimene adzakhale zinthu zikayenda bwino kwambiri, chimene adzakhale zikayenda mwachizolowezi, ndi chimene adzakhale zikavuta. Pomuyerekeza ndi osewera ena, sankhani ofanana naye pa kayendedwe ndi pa ntchito, ndipo mupewe chizolowezi chofananitsa anthu chifukwa choti amachokera kumodzi kapena amaoneka mofanana.

Mukatero muikeni pa malo. Amene wasankhidwa pa ulendo woyamba amalandira mgwirizano wotsimikizika wa zaka ziwiri, ndipo timu imakhala ndi ufulu wowonjezera zina ziwiri, pamene wa ulendo wachiwiri alibe chitsimikizo chotere ndipo ambiri amayambira ku G League, ligi yaing'ono ya NBA. Kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa ena kubweza dzina lawo pa draft n'kubwerera ku koleji, monga anachitira Edey mu 2023, makamaka popeza kuyambira mu 2021 osewera a ku koleji amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina lawo. Pomaliza yang'anani timu imene ingamutenge, chifukwa chiphona cholemera chimafuna anzake odziwa kulonda kunja ndi mwini mpira wodziwa kugwiritsa ntchito khoma lake. Memphis Grizzlies, imene inali ndi Ja Morant wolowerera ku ring'i ndi Jaren Jackson Jr. wotchinga moyendayenda, inatenga Edey pa nambala 9 mu 2024, ndipo iye anatha chaka chake choyamba ali pa gulu la osewera atsopano asanu ochita bwino koposa.

Tsamba lanulo mulilembe deti ndi kulisunga osasinthamo kanthu. Pakatha zaka zitatu mulitulutse, muliike pambali pa zimene mnyamatayo wachita, ndipo muone gawo limene munalakwitsa, kaya ndi miyendo, manja, thanzi kapena timu imene anapitako, kuti pa chiphona chotsatira mudziwe pamene muyenera kuonera masewero owonjezera.